Malovu a Amayi

Foni inanjenjemera m'thumba la yunifolomu Vainess atangomaliza kutembenuza gogo wa m'chipinda nambala 14. Pa nyumba yosamalira okalamba ya ku North York, ku Canada, imene ankagwirapo ntchito, foni inali yoletsedwa pa shifiti, koma sabata imeneyo akanaiyankha ngakhale pamaso pa bwana weniweniyo. Anathamangira m'kachipinda kosungira mashiti n'kukankha chitseko ndi chidendene.

Anali Marwa, mlangizi wa ku chipatala cha zauchembere kumene iye ndi mwamuna wake Austin ankapitako kwa zaka ziwiri tsopano.

"Muli panokha?" anafunsa Marwa m'Chingerezi chake chofatsa chija.

Munthu wa kuchipatala akayamba ndi funso limenelo, nkhani yake siikhala yabwino. Vainess anakhala pa mulu wa matawulo.

"Ndili ndekha. Mluza wathu uli bwino?"

"Uli bwinobwino m'firiji mwake, palibe waukhudza. Nkhani ndi ya ku labu. Ndikufunsani funso lovuta, mundikhululukire. Mayi Mathilda amene anapereka malovu aja, ndi amene anakuberekani?"

Vainess anayang'ana mashiti opindidwa pa shelefu ngati yankho lili pamenepo.

"Ndi amayi anga."

"Ndamva. Koma a ku labu akuti malovu awo ndi magazi anu zikufanana ngati za wachibale wapafupi, osati ngati za mayi ndi mwana wobereka yekha. Popanda zimenezo sangatsimikize zotsatira za mluza uja. Mungabwere mawa teni koloko ndi amuna anu? Jakisoni musasiye. Tsiku la Lachisanu sitinalichotse, tikambirane kaye."

"Tibwera," anatero Vainess. Foni itaduka anakhalabe pamatawulopo mpaka belu la m'chipinda china linalira kachiwiri.

Linali Lachitatu. Lachisanu ndi pamene adokotala ankayenera kuika mluzawo m'chiberekero mwake.

Vainess ndi Austin onse awiri ananyamula sikoselo, matenda otengera kumtundu, m'magazi, ngakhale iwo eni sankadwala. Anadziwira pa mwana. Ulemu, mwana wawo woyamba, anabadwira ku Lilongwe ali wonenepa bwino, koma atakwana miyezi isanu ndi umodzi timanja ndi timapazi tinayamba kutupa, ndipo kulira kwake kunali kwa mtundu wina, kosatonthozeka ndi bere kapena kumsana. Anakhala ndi moyo zaka zitatu ndi miyezi inayi, theka lake ali pa bedi la chipatala. Atamuika m'manda kwawo kwa Vainess ku Linthipe, awiriwo anagwirizana kuti mwana wina wongoyesa mwayi ayi. Mwana ankamufuna kwambiri, koma sankafuna kudzaonanso zimene anaona.

Kuno ku Canada n'kumene anamva kuti madokotala amatha kukumanitsa dzira ndi mbewu ya abambo kunja kwa thupi, n'kuyeza kamluza kalikonse asanakaike m'mimba. Anapirira zonse, kudikira kwa miyezi, majakisoni a pamimba, kulawirira pa basi kunja kuli sinowo. Miluza inapezeka itatu. Iwiri inaonetsa sikoselo. Umodzi wokha ndiwo unaoneka wabwino, ndipo Vainess anali ndi zaka 39, adokotala atamuuza mosapita m'mbali kuti mazira ake akupita kumapeto.

Vuto la kuyezaku Marwa analifotokoza kalekale, pa tsiku loyamba. Pa kamluza amatengapo timaselo tisanu kapena tisanu ndi kamodzi basi. N'tochepa kwambiri moti makina amayamba atichulukitsa kaye kuti tiwerengeke, ndipo pochulukitsapo amatha kudumpha kachigawo kena, kapena kusakaniza selo la mayi lomwe linakakamira ku dzira. Zikatero pepala limanena kuti mwana ali bwino pamene lawerenga mayi ake. N'chifukwa chake a ku labu amawerenga kawiri: koyamba pamalo enieni pa matendawo, kachiwiri potsata zizindikiro za kumtundu, kuchokera kwa agogo, kudzera mwa kholo, mpaka kwa mluza. Ziwirizo zikagwirizana, mtima ukhoza kukhala pansi. Ndiye pankafunika malovu a kholo limodzi lobereka Austin ndi kholo limodzi lobereka Vainess.

Bambo ake a Austin ku Zomba anavuta mwezi wathunthu. "Malovu anga mukatani nawo ku Canada? Mukufuna mukhwimire ine?" Mpaka abusa a kutchalitchi kwawo anachita kuwanyengerera. Koma kumbali ya Vainess kunalibe vuto, poti Amayi anali atangofika kumene kuchokera ku Linthipe kudzadikira mdzukulu. Tsiku lotenga malovu anasamba, anavala chitenje chatsopano ngati akukajambulitsa, n'kukhala pa tebulo atayasamula kale kathonje kasanatuluke n'komwe m'pepala.

"Tengani ambiri," anatero. "Magazi a mwanayu ndi angawa, muwapeza onse momwemo."

Pa fomu panali timabokosi titatu: mayi wobereka, bambo wobereka, wachibale wina. Vainess anawerenga bwinobwino, Chingerezi sichinali vuto kwa iye. Anachonga kabokosi koyamba, chifukwa Amayi anali atasuzumira paphewa pake kutsatira cholembera. Anadziuza mumtima kuti anthu obadwa mimba imodzi magazi ndi amodzi, makina adziwa chiyani za kwathu.

Amene anabereka Vainess anali Olivia, mkulu wawo wa Amayi, yemwe anamwalira mwana ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Bambo ake, a Webster, anali mkamwini, ndipo maliro atatha anasudzulidwa monga mwa mwambo, mwana n'kutsala kuchikazi. Amayi, omwe panthawiyo anali mtsikana wa zaka 19, anamunyamula kumsana ndipo sanamutsitsenso. Mwamuna amene ankafuna kuwakwatira atanena kuti mwanayo akasiyidwe kwa agogo, anasiya mwamunayo. Mayi wina atanena pa mjigo kuti "kamwana kamasiye aka," anabwerera kwawo ndowa yopanda madzi, tsaya litatupa. Kuyambira pamenepo mudzi wonse unaphunzira kusunga pakamwa. A Webster anabwerako kawiri ndi timadiresi, ndipo kawiri konse anabwezedwa asanafike pakhonde. Vainess anamva zoona zake kwa mnzake wa kusukulu ali sitandade 6. Analira kuseri kwa kalasi, anapukuta nkhope, n'kubwerera kunyumba osanena kanthu. Zaka zonsezi iye ankadziwa, Amayi ankadziwa kuti iye akudziwa, ndipo panalibe anayambitsapo nkhaniyo.

Austin ankagwira ntchito yotumiza mathiraki pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Brampton. Madzulo amenewo atafika pa fulati yawo, anapeza Vainess akumudikira pansi poimika magalimoto, atavala jekete yake yaikulu, manja ali m'khwapa. Mkazi wakeyo analowa m'galimoto n'kumuuza zonse injini isanazime.

Austin anamenya chiwongolero ndi chikhatho.

"Vai! Iwe wogwira ntchito zachipatala ungachite zimenezi? Fomu ija inafunsa momveka bwino!"

"Musandikalipire ngati simunalipo. Kathonje kaja anagwira ndani? Si inu munkati, 'Amayi, yasamulani bwino'? Ankhoswe sanakuuzeni nkhani ya amayi Olivia tisanakwatirane?"

Ankhoswe anamuuzadi Austin, zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, koma mnyamata wofuna mkazi amamva zingati pa zonena za ankhoswe? Kwa iye apongozi anali apongozi basi, omwe ankawapatukira panjira ndi kuwanjutira popereka moni.

"Chabwino, tonse talakwa," anatero atatsitsa mawu. "Ndiye tikonze. Tikansele Lachisanu. Mluza uli m'firiji, suthawa. Bambo ako ali moyo, si choncho? Atumize malovu ngati mmene anachitira bambo anga."

"Ali kuti? Inu mukudziwa kumene ali? Ine nkhope yawo sindiidziwa. Ngati pali wodziwa ndi Amayi okha."

"Ndiye tiwafunse."

"Ndiwafunse kuti chiyani? Ndinene kuti, 'Amayi, makina a kuno akuti inu si mayi anga, ndipatseni munthu amene munamuthamangitsa uja'? Munthu wakwera ndege koyamba ali ndi zaka 58, akuzizidwa kuno chifukwa cha ine. Mukufuna ndiwaphe?"

"Nanga iwe ukufuna chiyani?"

Vainess anayang'ana khoma la simenti kutsogolo kwa galimoto.

"Marwa wati tsikulo sanalichotse. Kuwerenga koyamba kunati mluza uli bwino, ndipo nthawi zambiri kumakhala kolondola, ananena yekha tsiku lija. Ngati pali pepala losayina kuti tavomera choncho, ndisayina."

"Nthawi zambiri," anabwereza Austin. "Ulemu atadwala anatiuza kuti mwa ana athu anayi, atatu akanabadwa abwino. Nthawi zambiri imeneyo. Ife tinapeza uti?"

Mawuwo anamulasa Vainess pachifuwa, ndipo mkwiyo unabwera misozi isanafike.

"Musanditchulire Ulemu ngati ndinamuiwala! Amene ankamugwira akamamufuna mtsempha pamutu ndi ine. Inu munkatuluka panja."

Zinali zoona, ndipo Austin sanakane.

"Thupi ndi lako, Vai," anatero pamapeto pake. "Ukasayina nane ndisayina, sindingakusiye wekha. Koma ukandifunsa, ndikuopa. Ndikuopa kwambiri."

Anakwera chikepe. Pa nsanjika ya 17 anapeza Amayi ataphika futali wa mbatata za mu shopu ndi chiponde cha m'botolo, akudandaula monga mwa masiku onse kuti mbatata za kuno ndi madzi okhaokha. Atamva chitseko anabisa msanga chinthu chachikasu pansi pa khushoni. Kanali kajuzi ka khanda komwe ankaluka mobisa, poti kwathu sitikonzera mwana asanabadwe. Wina akawafunsa ankati n'chovindikira tiyipoti, tiyipoti ya manja awiri.

Anawayang'ana onse awiri kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nkhope zimenezi ndi za anthu oyembekezera Lachisanu, kapena ochokera ku khoti?"

"Kutopa chabe, Amayi," anatero Austin akuvula nsapato mosamala kwambiri.

"Hmm. Kutopa kwake kogawana."

Atadya, Austin anabaya Vainess jakisoni wa tsikulo, ndipo Amayi anabwera ndi botolo la madzi otentha atalikulunga m'kansalu. Analiika pamalo obayidwawo n'kumasisita pang'onopang'ono, akung'ung'udza nyimbo ya kumvano. Dzanjalo Vainess ankalidziwa kuyambira asanadziwe dzina lake. Anatembenukira kukhoma kuti asaoneke m'maso.

"Ndamva bambo a Ulemu akuimbira bwana wawo kuti mawa sapita ku ntchito," anatero Amayi. "Kuli chiyani?"

"Tikukasayina mapepala chabe."

"Ndipita nawo."

"Kukuzizira, Amayi."

"Kwazizira kuyambira tsiku limene ndinatsika ndege. Ndipita nawo."

M'mawa mwake msewu unali woterera, ndipo Austin anayendetsa ngati wanyamula mazira. Amayi anakhala kumbuyo, chitenje pamwamba pa thalauzi lotentha, chikwama chawo chakuda pamiyendo. Masiku onse akafika kuchipatala ankatsala m'chipinda chodikirira ndi fulasiki yawo ya tiyi. Koma tsikulo Marwa atatulukira pakhomo, Amayi anaimirira limodzi ndi anawo.

Marwa anayang'ana Vainess. "Kodi mukufuna kuti alowe nawo?"

Vainess anali asanauzepo Amayi chibadwire kuti tsalani panja. Anagwedeza mutu kuvomera.

Mu ofesimo Marwa anayankhula mosamala, osatchula dzina la munthu. Anati njira zilipo ziwiri. Yoyamba, kupitiriza Lachisanu podalira kuwerenga kumodzi kuja, koma awiriwo asayine kuti auzidwa kuti kuwerenga kwachiwiri kwalephereka. Yachiwiri, kuimitsa kaye, kupeza malovu a kholo lobereka, a ku labu n'kumaliza ntchito yawo. Mluza sadzaukhudzanso, zimene anachulukitsa zija anazisunga.

"Mwayi woti pepalali lalakwa ndi waukulu bwanji?" anafunsa Vainess.

"Ndi wochepa. Koma sindinganene kuti palibe, ndipo sindingakuuzeni za mluza uwu pawokha. Kuwerenga kwachiwiri kumauchepetsa kwambiri. Ngakhale pamenepo timalangizabe kudzayezanso mimba ikakhazikika, chifukwa timaselo tochepa chonchi sitinena zonse."

Marwa anakankhira pepala losayina pakati pa tebulo, pambali pa kalata ya ku labu. Austin anayang'ana mkazi wake. Vainess anatola cholembera. Anaganiza za kajuzi kachikasu pansi pa khushoni, anaganizanso za timanja totupa tija, ndipo anaika nsonga ya cholembera pa mzere.

Chala cha Amayi chinatera pa kalata ya ku labu.

"Ili ndi dzina langa."

Chingerezi chawo chinathera sitandade 8, koma dzina lawo ankalidziwa kulikonse kumene lalembedwa. Linali pamenepo, ndipo pansi pake wina anali atalemba mzere wofiira.

"Malovu anga alakwa chiyani? Apezamo matenda? Ndiuze, Vai, ndine munthu wamkulu."

"Ayi, Amayi, mulibe matenda."

"Nanga mzere wofiirawu? Bambo a Ulemu?"

Austin anapeza kuti nsapato zake zili ndi zambiri zofunika kuziyang'ana.

"Akuti sanakwane," anatero Vainess. "Anali ochepa."

"Ochepa? Munandipala m'kamwa mpaka tsaya kuwawa, lero mukuti ochepa? Chabwino, ngati ndi choncho atengenso pompano. Ndabwera nawo."

Anasendeza mpando, anayang'ana Marwa, n'kuyasamula pakamwa ponse ngati tsiku lija pa tebulo.

Cholembera chinagwa m'manja mwa Vainess n'kugubuduka mpaka pansi.

"Amayi, tsekani pakamwa. Chonde, tsekani."

Anali akulira tsopano, kulira kwa mapewa kosabisika. Amayi anatseka pakamwa pang'onopang'ono. Anayang'ana mwanayo, anayang'ana mkamwini wawo, anayang'ananso mzere wofiira uja, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Akufuna a Olivia, eti?"

Dzina limenelo linali lisanatchulidwepo pakati pa awiriwo. Vainess anaweramitsa mutu.

"Bambo a Ulemu, ndiuzeni inu, poti uyu pakamwa pauma. Malovu oyenera akapanda kupezeka chichitika n'chiyani?"

Austin anafotokoza m'mawu ochepa, maso ali pansi. Anati mwina mwanayo adzabadwa wabwino, ndipo mwayi waukulu ndi umenewo, koma pepala likhoza kunama, mwana n'kudzakhala ngati Ulemu.

"Ndiye cholembera chija unatolera chiyani, Vai?"

"Ndimafuna ndisayine kuti apitirize."

"Kuti ine ndisamve manyazi?"

Vainess anavomera ndi mutu.

"Iwe, ndinakulera kuti udzakhale chitsiru?" Mawu a Amayi sanakwere. "Ndinagona pansi pa bedi la Ulemu miyezi ingati m'chipatala muja? Kulira kuja ndimakumvabe ine mpaka lero. Ndiye ufune kundibweretsera wina wolira choncho chifukwa choopa nkhope yanga? Nkhope yangayi ili ndi chiyani?"

Anatembenukira kwa Marwa. Anawongola msana, anakonza duku, ndipo m'Chingerezi chawo chothyokathyoka ananena mawu amene anamenyera munthu pa mjigo kuti asanenedwe.

"Ine sindinamubereke. Anabereka ndi mkulu wanga, anamwalira. Ine ndinamulera."

Atanena anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri. Zinawapweteka, ndipo aliyense m'chipindamo anaona kuti zawapweteka.

Marwa anathokoza motsitsa mawu, n'kufunsa Vainess ngati bambo ake omubereka ali moyo. Vainess asanamasulire, Amayi anali atamva kale. Anatsegula chikwama chakuda chija n'kutulutsa buku lawo la nyimbo, lakutha m'makona. Mkati mwa chikuto chakumapeto munali nambala ya foni yolembedwa ndi inki yofwifwa, pamwamba pake chilembo chimodzi, W.

"Anabwera pa maliro a Ulemu," anatero osayang'ana munthu. "Anakhala kumbuyo kwa azibambo, iwe uli m'nyumba ukulira. Anapempha kuti akupepese, ndinakana. Ndiye anasiya nambala iyi. Akuti amakonza njinga ku Mponela."

"Zaka zisanu ndi ziwiri, Amayi?"

"Zisanu ndi ziwiri. Ndinkafuna kuing'amba, dzanja linkakana. Ndinkafuna kukupatsa, mtima unkakana. Ndinkaopa, mwanawe. Ndinkaopa kuti ukamuona munthu ameneyu udzayamba kunditchula kuti mayi wamng'ono."

Austin anatola cholembera pansi n'kuchibweza kwa Marwa. Vainess anapukuta m'maso, anakankhira pepala losayina lija kutali, n'kunena kuti Lachisanu alichotse. Marwa analemba pa kompyuta, anafotokoza za kusiya jakisoni ndi za kathonje kena kotumiza ku Malawi, ndipo anati zitenga masabata angapo, mwinanso miyezi. Kenako anaimirira n'kunena kuti chipindacho sachifuna kwa theka la ola.

"Nambala ya zaka zisanu ndi ziwiri," anatero Austin akuilemba pa foni yake. "Mwina anasintha kalekale. Tikaimbe kunyumba mutapuma, Amayi?"

"Imbani pompano. Ndikafika kunyumba ndisintha maganizo, ndimadzidziwa."

Kumudzi inali itakwana sikisi koloko madzulo. Austin anaika foni pa sipika n'kuiika pa tebulo. Inaitana kamodzi, kawiri, kasanu. Akapanda kuyankha, Amayi akhala atavula mtima wawo pagulu pachabe, ndipo mluza ukhalabe m'firiji ndi funso lake.

Kenako kunamveka mvula ikugunda pa malata, chitsulo chikugwa pansi, ndi mawu a munthu wachikulire.

"Halo? Ndani?"

Amayi ananyamula foniyo ndi manja awiri.

"Alamu, ndine Mathilda. Wa ku Linthipe."



"Kwagwanji, mlamu?" Mawuwo anali atasintha. "Mwana ali bwino?"

"Kulibe maliro. Ali bwino." Amayi anameza malovu. "Mwana wanu ali pano, akufuna kuyankhula nanu. Akupemphani chinthu chodabwitsa, musakane. Si zaufiti ayi."

Anapereka foni kwa Vainess. Kenako anatseka buku la nyimbo, analibweza m'chikwama, n'kuimirira mwakachetechete kuti akadikire panja ndi fulasiki yawo. Sanafike patali. Vainess anali atagwira nsonga ya chitenje chawo, ataikulunga pachala ngati mmene ankachitira popita kumsika ali wamng'ono.

"Halo?" anatero a Webster. "Halo? Mulipo?"

"Ndilipo, bambo. Ndine Vainess," anatero. "Dikirani pang'ono, amayi anga akhale kaye pansi."